Agogo anga sankapereka chaulere

Anthu a kwathu ku Mulanje akafuna kutamanda mayi wachikulire amene watisiya, mawu ake ndi odziwika kale: anali wachifundo, wopatsa, wosadziwa kukwiya. Ndimawamva akunena zomwezo za agogo anga, amene anabereka mayi anga, ndipo ndimangovomera, poti munthu akamatamanda malemu wako sumudula mawu. Koma ine ndinakulira m'nyumba mwawo. Ndinawasenzera madengu kupita ku msika wa Limbuli nkhuku zisanatsike, ndinawaunikira ndi koloboyi usiku akuwerenga ndalama, ndinawaonapo akubweza mwana wa amfumu kuti akatenge K20 yotsala pa mchere. Agogo anali mayi wa geni, woumira ndithu, wodziwa kumene tambala iliyonse yagona. Ife adzukulu amene tinatsalira m'manja mwawo tinakula n'kuphunzira chifukwa cha kuumira komweko, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake.

Chaka chimene anabadwa sankachidziwa. Ankangoti pa njala ya 1949 anali woberekedwa kumbuyo, ndipo pamene boma linkalemba anthu ziphaso za unzika mu 2017, mnyamata wolembayo anangowayang'ana kumaso n'kulemba chaka chimene iye anaona kuti chikuwakhala. Makolo awo anali Alhomwe ochokera kutsidya, ku Mozambique, ena mwa anthu ambirimbiri amene anawoloka malire kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi ya azungu. Malo abwino anali atapita kale, ndipo mpaka lero kwathu kulibe malo. Ukaima pakhomo pathu, uku ndi phiri, uku ndi tiyi wa esiteti wobiriwira mpaka pamene maso alekezera, eni mudzi tapanikizana pakati, kamunda kamodzi kakugawidwa kwa ana aakazi atatu a mayi mmodzi. Chimanga cha pa kamunda kotero sichifika Ogasiti. Itabwera ndondomeko ya Kudzigulira Malo mu 2004, imene inasamutsira mabanja ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo ku Mangochi ndi Machinga, achibale athu ena anapita. Agogo anangofunsa funso limodzi, kuti kumeneko msika uli pamtunda wotani, atamva yankho n'kukhala.

Anayamba ndi kuthyola tiyi monga atsikana ambiri a nthawi yawo. Ntchito imeneyi alendo amakonda kuijambula chifukwa imaoneka bwino pa chithunzi. Umadzuka kuli mdima, kumanga chiguduli m'chiuno kuti mame asakunyowetse, dengu kumsana, n'kulowa mu mzere umene kapitawo wakupatsa. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri, mvula igwe isagwe. Kenako ku sikelo kuti kalaliki alembe, ndipo akapeza masamba okhwima m'dengu amakuuza ukhale pansi usankhe anzako akupitiriza. Dzinja tiyi akamaphuka ntchito imachuluka, chilimwe chikalowa ambiri amauzidwa akapume kunyumba, kupuma kopanda malipiro. Agogo ankatiuza kuti ku esiteti maso awo anatsegukira pa tsiku la malipiro. Ankaona ndalama ikutuluka pa windo la ofesi masana, pofika madzulo yonse ili m'mipango ya amayi okhala pa geti ndi mabeseni a zitumbuwa, mbatata yophika, thobwa ndi nsomba zouma. Wothyola tiyi ankapita kunyumba ndi zala zong'aluka, wa beseni n'kupita ndi ndalama ya wothyola tiyi. Anatula dengu, nakakhala pa geti.

Mpamba woyamba unali nthochi za kuseri kwa nyumba ndi mbale ya mgaiwa yobwereka kwa amayi awo, imene anabweza ndi mbale yomweyo, yodzaza chimodzimodzi. Agogo aamuna nthawi imeneyo anali ku Wenela, ku migodi ya ku Joni. Anabwerako Kamuzu ataletsa ulendo wa ku migodi, kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 imene inapha Amalawi oposa 70 akubwerera kumudzi. Anafika ndi sutikesi, bulangete, wailesi ndi njinga. Wailesi inafa, bulangete linatha, koma njinga ija agogo aakazi anailanda mwaulemu. Poti kwathu n'kwa chikamwini, agogo aamuna sanalimbelimbe. Anasanduka opalasa katundu wa akazi awo, ndipo mpaka imfa yawo ankadandaula moseka kuti anavutika pansi pa nthaka ku Joni kuti adzalembedwe ntchito ndi munthu amene anamufunsira okha.

Malonda a pa geti la esiteti ndi a ngongole, chifukwa wantchito sakhala ndi kanthu pakati pa mwezi pomwe mimba sidikira malipiro. Agogo sankadziwa kulemba, ndiye ngongole zina ankasunga m'mutu, zina kumanga mfundo pa luzi. Atatopa ndi anthu oti “ine ndinatenga ziwiri zokha”, analowa sukulu ya kwacha ali kale mayi wa ana anayi. Aphunzitsi ankafuna kuyamba ndi a, e, i, o, u, iwo n'kuwauza kuti ayambe ndi manambala, zinazo aziona bwino. Kulemba kalata sanafike nako patali, koma manambala awo anali oongoka kuposa anga. Kuchokera pamenepo sanakhalepo opanda kope. Linali kope wamba la ana asukulu, lokutidwa ndi pepala la pulasitiki la shuga, losungidwa m'kathumba kansalu komangirira m'chiuno mkati mwa chitenje, pamodzi ndi ndalama. Mayina ankalemba mwa njira yawoyawo. Wina anali chilembo chimodzi, wina kanjinga, wina kachipewa.

Ndalama yooneka inabwera ndi nthochi. Ana a masiku ano sangamvetse mmene Thyolo ndi Mulanje zinalili ndi nthochi: kabuthu, sukari, makumbuka, zomba, m'mbali mwa kamtsinje kalikonse, kuseri kwa bafa iliyonse. Agogo ankayenda m'midzi kupikula mikoko ikadali pa mtengo, kupereka ya chikole, n'kudzadula tsiku limene apangana. Pakhomo panali dzenje lovundikira, ndipo limeneli ndinalipeza. Ankayala masamba ouma a nthochi pansi, kusanja mikoko, kufunditsa masamba ena, dothi pamwamba, n'kusiya kabowo kolowetsera utsi. Luso linali pa kuwerenga masiku. Ukafukula mochedwa, nthochi zimafika ku Limbe zitafewa ndipo mtengo amakuuza ndi wogula. Ukafulumira, ukhala nazo pa msika zili zobiriwira, iwe ukugona pa makatoni. Zaka zoyambirira ankakwera basi ya UTM kapena lole ya matola, katundu pamwamba, khadi la chipani m'thumba, popeza masiku amenewo wopanda khadi sankaloledwa kulowa mu msika. Pobwerera sankabwera chimanjamanja. Ankaoda mchere, sopo, palafini, machesi, ndi matemba a ku Chilwa zaka zimene nyanjayo inali ndi madzi.

Nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa, cha m'ma 1986, anthu anayamba kuwoloka Muloza ndi Ruo usiku, mwana kumbuyo, mphika pamutu. Dziko lino linalandira othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi, ndipo a m'malire ndi amene ankayamba kuwaona. Ambiri anali Alhomwe anzathu, ena achibale enieni. Agogo anatenga amayi awiri ndi ana awo n'kuwapatsa kanyumba ka kuseri. Apa wina anganene kuti mwaona chifundo chija. Inde, koma m'mawa mwake amayi aja anapatsidwa mtondo, chiwaya ndi beseni. Ankakazinga mandasi, kukagulitsa, madzulo kuwerengera pamaso pa agogo, phindu n'kugawana pakati. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, anthu n'kuyamba kubwerera kwawo, amayi aja anapita ndi mpamba wawo m'manja. Mmodzi anakakhazikika kufupi ndi Milange, ndipo patapita zaka zochepa iye ndi ana ake ndi amene ankasonkhanitsira agogo chimanga, nyemba ndi nandolo za kutsidya, kumene malo ndi ambiri ndipo nthaka sinaguge. Amene anaimapo pa Muloza nthawi yokolola akuudziwa mzere wa njinga uja, iliyonse matumba awiri kapena atatu, mwini wake atatsika akukankha, thukuta lili kamukamu. Ena mwa matumba amenewo anali a agogo. Boma linali litalola kale, kuyambira 1987, kuti anthu wamba azigula mbewu kwa alimi osati ADMARC yokha, ndiye iwo anagula sikelo yawo n'kuipachika mu mtengo wa mango pakhomo.

Kenako kunabwera zaka za maliro. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 sabata sinkatha osamva kulira m'mudzi, ndipo matendawo sitinkawatchula, tinkangoti wadwala nthawi yaitali. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala mu 2004. Mayi anga sanafikeko. Mng'ono wawo sanafikeko. Ana tonse tinatuta timitolo tathu kupita kwa agogo, amene panthawiyo anali atayamba kunena zopuma.

Nyumba yawo inali ndi malamulo. Aliyense anali ndi ntchito yake asanapite ku sukulu, wina kutunga madzi, wina kumanga mchere m'timapepala, wina kusanja milu ya tomato, ine kupita ndi dengu ku msewu. Nsima tinkadyera pamodzi iwo atakhala pambali kuyang'anira kuti wamkulu asapondereze wamng'ono, ndipo nyama ikapezeka ankagawa okha, nthuli nthuli m'manja. Ine ankanditcha “amunanga” monga agogo amachitira ndi mdzukulu wamwamuna, koma ukwati umenewu unalibe kukondera. Nditasankhidwa kupita ku sekondale anandiitana usiku, natsegula kope, nandionetsa tsamba latsopano. Pamwamba anali atajambulapo kabuku.

“Uyu ndiwe, amunanga. Fizi iliyonse ndizilemba apa.”

“Agogo, ndiye kuti mukundikongoza?”

“Nanga ndalamazi n'zanga? N'za ang'ono ako akubwera m'mbuyomu. Ukadzayamba ntchito udzabweze, nawonso apite.”

Zinandiwawa. Anzanga makolo awo ankawalipirira popanda kuwalemba. Nditayamba ntchito ku Blantyre n'kubwera kumudzi ndi shuga ndi chitenje, anathokoza, anavala chitenjecho, madzulo n'kutulutsa kope. Ndinabweza pang'onopang'ono iwo akudula mzere umodziumodzi, ndipo ndalama yomweyo ndi imene inaphunzitsa wachiwiri kwa chitsiriza, iye n'kudzaphunzitsa chitsiriza.

Pali nkhani imodzi imene ena m'mudzi sanawakhululukire, ndipo sindiibisa. Njala ya 2002. Chimanga chinasowa m'misika ya boma, mtengo unakwera kangapo m'miyezi yochepa, anthu anadya gaga, mango aawisi ophika ndi zitsa za nthochi, anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wongotaya. Agogo anali ndi matumba kuchipinda, ogula kutsidya nthawi yokolola, ndipo mudzi wonse unkadziwa. M'bandakucha pakhomo pankapezeka amayi atakhala chete, timbale m'manja. Agogo sanagawe. Thumba lathunthu anakana kugulitsa kwa aliyense, ngakhale mavenda a ku Limbe amene ankabwera ndi ndalama zoonekera m'manja. Ankagulitsa pa mbale, banja lililonse mbale zake malinga ndi kuchuluka kwa ana, pa mtengo wotsikirapo kuyerekeza ndi wa pa msika koma woposa umene iwo anagulira. Wopanda ndalama ankalowa m'kope. Wina anasiya nkhuku, wina anapalira m'munda mwathu. Mayi wina wachibale anawauza pamaso kuti, “Achemwali, mukulemera ndi njala yathu.” Agogo anapitiriza kuyeza, kenako anati, “Ndikagawa lero, mawa ndikaoda ndi chiyani? Mwezi wa Malichi udzaphika chifundo changa?”

Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zambiri. Phindu anapeza, n'zoona, ndipo ena mwa malata a nyumba yathu anagulidwa njalayo itatha. Komanso ndalama ya mbale zija ndi imene inkabwerera ku Muloza kukasaka matumba ena, moti pakhomo pathu chimanga sichinaduke mpaka anthu anayamba kudya mondokwa. Akanati agawe matumba aja mu Januwale, akanawaombera m'manja sabata imodzi, Febuluwale n'kukhala nawo pa mzere, ife adzukulu tili kumbuyo kwawo. Amene anawawidwa mtima sindikuti analakwa. Munthu amene mwana wake akulira njala kunyumba, ukamamuyezera mbale n'kusalaza pamwamba ndi chala, chala chimenecho sadzachiiwala. Koma panalinso phala. M'mawa uliwonse mphika waukulu uja wophikira pa maliro unkakhala pamoto, mwana aliyense wa m'mudzi wobwera ndi kapu n'kumwa, ndipo phala limenelo silinalowe m'kope. Ankati mwana sakongola. Ine wa tsamba la kabuku ndikanatha kutsutsa, koma ndinali pa mzere wa phala.

Maudindo sankawafuna, ankawapeza okha, chifukwa pa ndalama ya gulu anthu amafuna munthu amene sangabe komanso amene sangapusitsidwe, ndipo awiriwa sapezeka kawirikawiri mwa munthu mmodzi. Ku mpingo anasunga chuma cha amayi a Mvano zaka zambiri, ndipo tsiku la Mvano ndi lokhalo limene benchi ankatseka dzuwa likadalipo, n'kuvala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Mu komiti ya mjigo ankayenda khomo ndi khomo kutolera ya mwezi. Anthu ankang'ung'udza, koma mjigo wathu ukawonongeka wokonza ankafika ndalama ya malabala ili kale pa mkeka, pamene midzi yoyandikana nafe inkabwerera kukatunga ku mtsinje miyezi. Amfumu ankawaitana pa bwalo ikakhala milandu ya malire a minda, chifukwa iwo ankakumbukira amene anadzala mtengo uti ndi chaka cha njala iti. Pa nkhani za mabanja anali ankhoswe oopedwa. Mwamuna akayamba kufotokoza motalika, iwo ankangofunsa kuti ndalama ya malipiro yapitayi yagula chiyani pakhomo.

Banki m'khonde itafika kwathu agogo sanaione yachilendo, poti chipereganyu ankachita kale ndi anzawo a pa msika. Ankati chatsopano ndi bokosi basi. Bokosi lachitsulo la maloko atatu, makiyi kwa amayi atatu osiyana, bokosilo kwa wachinayi. Kukumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwereka, kubweza ndi chiwongoladzanja, kathumba kapadera ka zadzidzidzi monga matenda ndi maliro, n'kudzagawana zonse mu Disembala, nthawi ya feteleza ndi Khirisimasi. Atcheya anali iwo. Wochedwa ankalipira chindapusa, wolankhula wina akuwerenga ndalama ankalipiranso, ndipo tsiku lina iwo eni atachedwa pochokera ku maliro anaponya chindapusa chawo m'mbale asanakhale pansi.

Chaka china mayi wina wachitsikana anabwereka ndalama yoti akaode kaunjika, mwamuna wake n'kuitenga kupita nayo ku Joni, osatumizanso ngakhale moni. Disembala itayandikira gulu linapsa mtima. Tonse tikudziwa zimene magulu ena amachita zikatere: kupita chigulu, kutenga mbuzi, mipando, ndowa, ngakhale kusasula malata mvula ili pamutu. Amayi ena anali atabwereka kale hamala. Ine ndinali kumudzi tsikulo, ndinkamvera pa windo. Agogo anawasiya onse alankhule mpaka malovu kuuma, kenako anati, “Malata amenewo mukakagulitsa akwana theka la ngongole. Theka linalo mukalitenga kwa ndani, kwa munthu wogona panja?” Ngongoleyo sanaikhululuke ngakhale tambala imodzi. Anaitseka ndi masheya awo kuti gulu ligawane pa nthawi yake, n'kuisamutsira m'kope mwawo. Mayi uja anayamba kukhala pa benchi la agogo ku Limbuli, kugulitsa, gawo lake la tsiku n'kumadulidwa, mpaka anamaliza chaka chotsatira chili pakati. Lero ali ndi benchi lake mu mzere womwewo. Sindinamumvepo akunena kuti agogo anali okoma mtima. Amati anali ovuta, ndipo mwana wake wamkazi anamutcha dzina lawo.

Masamu awo sanawapulumutse ku chilichonse. Nthochi zinatha tikuona. Matenda a chisaka, amene amafala ndi nsabwe za m'nthochi komanso ndi mphukira zodwala zimene tinkapatsana tokha, ankachititsa masamba kutuluka ang'onoang'ono, othinana pamwamba, mtengo osabereka. Alangizi anati mankhwala palibe, koma kuzula zonse. Maboma amene ankadyetsa Blantyre anayamba kudya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Dzenje lovundikira tinalikwirira n'kudzalapo mpiru. Agogo anatembenukira ku nandolo, amene kuno timadzala m'chimanga ndipo wambiri amakathera ku India kudzera mwa amalonda a ku Limbe. Mitengo ya 2015 ndi 2016 inali yokoma, ndiye mu 2017 anaikapo mpamba wonse n'kudzaza chipinda. Mu Ogasiti chaka chomwecho India inaika malire pa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo unagwa pansi, ogula anatsitsa masikelo. Nandolo sasungika nthawi yaitali, anankafumbwe analowa. Mayi amene sanaphonyepo pa mbale ya chimanga anagwetsedwa ndi anthu a ku New Delhi amene dzina la Limbuli sanalimvepo.

Sanadandaule pagulu. Tinawauza kuti apume, tiziwatumizira pa foni. Ankalandira, koma uthenga ukangolowa ankatuma mwana kwa ejenti tsiku lomwelo kuti ndalamayo aigwire m'manja, n'kumang'ung'udza za imene yadulidwa potapa. Benchi la ku msika anasiyira mlongo wanga, iwo n'kuika kabenchi pakhomo ka tomato, anyezi, usipa, mchere ndi mafuta oyeza ndi kachivindikiro. Maso anali atayamba kuchita mdima, koma ndalama yong'ambika ankaizindikira ndi zala.

Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa usana ndi usiku osakata, phiri linamasula madzi ndi miyala yaikulu kuposa nyumba, ndipo akuluakulu anati ndi napolo yemwe uja anasesa ku Phalombe mu 1991, Phalombe ikadali mbali ya boma la Mulanje. Muloza ndi Ruo inasefukira, milatho inaduka, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Khoma limodzi la nyumba ya agogo linagwa, iwo n'kukakhala ku sukulu ya pulaimale pamodzi ndi ena onse. Ankayenda ndi ndodo, komabe anthu anawaika mu komiti ya pa kampu kuti aziyang'anira kalembera wa olandira thandizo. Anakana kuti alembedwe anthu amene nyumba zawo sizinagwe, mmodzi mwa iwo mdzukulu wa mchemwali wawo, ndipo banja limenelo silinabwere kudzawaona atadwala. Dzina lawo analichotsa pa za mabulangete poti ine ndinali nditawatumizira kale. Chifuwa chimene anachitenga pa simenti ya m'kalasi sichinawasiye. Anamwalira nyengo ya chiperoni chaka chomwecho, ndipo amayi a Mvano, a banki ndi a pa msika anakanganirana kuti ayambe kuimba ndani.

Tsiku losesa, malume aakulu, eni mbumba, anamasula kathumba kaja. Ndalama munali zochepa. Kope linali louma bwinobwino m'pepala mwake, linawoloka Freddy lili m'chiuno. Mlongo wanga yekha ndi amene ankadziwa kuti kanjinga ndi ndani, kachipewa ndi ndani. Tinasiyana maganizo. Ena ankati tikhululukire onse, ndiwo ulemu kwa malemu. Mlongo wanga anati agogo akamva zimenezo adzuka. Tinagwirizana kuti sitilondola munthu, koma wobwera yekha timulandira. Ena anabwera, wina ndi nkhuku, wina ndi ndalama yomangidwa pa mpango. Ena mpaka lero amatilambalala pa msewu.

Ku masamba a kumapeto, olembedwa kuyambira ku chikuto cha kumbuyo, kunali ngongole za agogo eni ake. Zonse zinali zodulidwa mzere kupatula imodzi, matumba anayi a chimanga amene anatenga mu Febuluwale kwa mwana wa mayi uja wa ku Milange, oti adzalipire akagulitsa. Chimangacho chinanyowa ndi kuola khoma litagwa. Tinachedwa kupita chifukwa zamaliro ndi kukonza nyumba zinatidyera ndalama, moti pamene mlongo wanga ankawoloka pa Muloza kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala. Iye anatenga ndalama ya mtengo wolembedwa m'kope. Bambo uja anamulandira bwino, anapepesa maliro, anamuphera nkhuku, atamaliza kudya n'kunena kuti, “Achemwali, ndalama iyi lero siyigula matumba anayi.” Mlongo wanga anati kope likunena mtengo wa Febuluwale. Iye anati kope lomwelo likunenanso matumba anayi. Anakokana mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akuti agogo akanakhala mbali yake. Pomaliza anagwirizana kuti ndalama ibwerere, ndipo pokolola mlongo wanga adzabweze chimanga, matumba anayi, oyezedwa pa sikelo ya bamboyo.

Chaka chotsatiracho ndi chija cha ng'amba ya El Niño, kwathu sitinakolole kanthu. Mlongo wanga anachita kukagula chimangacho kwa anthu ena ku Milange komweko, n'kulipira wa njinga kuti akachitule. Madzulo ake bambo uja anaimba foni kuthokoza, n'kuwonjezera kuti thumba limodzi likuperewera makilo awiri. Mlongo wanga anamuuza kuti aonetse sikeloyo kwa okonza, ndipo makilo awiriwo akadali kukambirana.